Lipoti la nkhani: banja lomwe linagula nyumba ku Area 25 ndi ngongole ya kubanki

Ndine loya, ndipo gawo lalikulu la ntchito yanga mumzinda wa Lilongwe ndi kulemba komanso kulondoloza zikalata za anthu ogula ndi ogulitsa malo. Nkhani ndikufotokozayi ndi ya banja lina lomwe ndinayenda nalo kuyambira mu Febuluwale 2022 mpaka kumapeto kwa chaka cha 2024. Eniake anandilola kuilemba malinga ngati sinditchula mayina awo, dzina la banki kapena nambala ya poloti, ndipo ziwerengero za ndalama ndazifupikitsa pang'ono kuti zikhale zosavuta kutsatira. Ndailemba chifukwa banjali linapunthwa pa mapepala awiri omwe anthu ambiri amapunthwanso, lina la malo ndi lina la ngongole, ndipo pa pepala lachiwirili inenso ndili ndi mbali yanga yomwe sindinaigwire mokwanira.

Momwe anafikira kwa ine

Bambo a m'banjali ndi akauntanti pa kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi, pomwe mayi ndi namwino pa chipatala china chomwe si cha boma. Ali ndi ana atatu. Pa nthawiyo anali atakhala pa lendi zaka 11, atasamuka kanayi, ndipo ulendo womaliza anatuluka m'nyumba chifukwa mwini wake anaifuna kuti alowemo mwana wake yemwe anali atangokwatira. Malipiro awo onse awiri, atachotsa msonkho, ankakwana pafupifupi K1.2 miliyoni pamwezi, ndipo anali atasunga K7 miliyoni, zina kubanki zina ku SACCO ya kuntchito kwa mayiwo.

Nyumba anaimva kudzera mwa ejenti. Inali ya zipinda zogona zitatu, yokhala ndi mpanda wa njerwa, mtengo wa mango pakhomo ndi kanyumba kena ka zipinda ziwiri kuseri. Mtengo anagwirizana unali K30 miliyoni. Banki yomwe bambowo amalandilirako malipiro inali itawalembera kale kalata yovomera kuwabwereketsa K24 miliyoni, zobweza kwa zaka 15 pa chiwongoladzanja cha 16 peresenti pachaka, ndipo kalatayo inali yogwira ntchito kwa masiku 90 okha.

Tsiku lomwe anabwera ku ofesi kwanga, mayiwo anatulutsa envulopu ya khaki yomwe munali makalata a malipiro, kalata ya banki, fotokope ya chikalata cha lizi, ndi pepala limodzi long'ambidwa mu kope la mwana wa sukulu. Pa pepalalo panalembedwa ndi bolopeni kuti wogulitsa walandira K3 miliyoni ngati dipoziti, ndipo mboni yokhayo yomwe inasaina inali ejenti uja. Bambowo anati, "Aloya, zonse tamaliza, changotsala n'chakuti mutilembere mapepala basi." Nditayang'ana fotokope ija ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi dzina lili pa chikalatachi ndi la munthu amene mwam'patsa ndalamayu?" Anayang'anizana ndi akazi awo, kenaka anayankha kuti dzinalo ndi la bambo ake a wogulitsayo omwe anamwalira zaka zinayi zapitazo, koma palibe vuto chifukwa iyeyo ndi mwana wamkulu ndipo makiyi ali ndi iye.

Pepala loyamba: mwini nyumba ndani

Kukhala mwana wamkulu kapena kusunga makiyi sikupatsa munthu mphamvu yogulitsa nyumba ya malemu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, limanena kuti munthu akamwalira osasiya wilu, chuma chake chimayenera kuyendetsedwa ndi munthu amene khoti lam'patsa kalata yoyendetsera chumacho, ndipo oyamba kuganiziridwa pogawa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemuyo pamodzi ndi ana ake. Popanda kalata imeneyi, kaundula wa malo sangasinthe dzina, ndipo banki singatulutse ngakhale tambala, chifukwa chikole cha ngongole ya nyumba ndi nyumba yomweyo, ndipo banki imafuna kuti ilembedwe m'kaundula kuti ili ndi gawo pa malowo mpaka ngongole idzathe.

Ndinapempha search ku kaundula wa malo, komwe ndi kufufuza kuti malowo ali m'dzina la ndani komanso ngati pali ngongole yolembedwa pa malowo. Imeneyi ndi ntchito ya ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba, ndipo ikanachitika K3 miliyoni zisanachoke m'manja mwawo, banjali likanakambirana ndi wogulitsa lili pamalo olimba. Zotsatira zinaonetsa kuti malowo ndi a lizi ya zaka 99, kuti dzina likadali la malemu, komanso kuti panalibe ngongole ina yolembedwa pa nyumbayo, zomwe zinali zolimbikitsa. Koma nditafufuza za banja la malemu ndinapeza kuti ana ndi asanu, osati atatu monga ejenti ananenera. Awiri anali a kwa mayi wina, ndipo mwa atatu enawo, mlongo mmodzi amakhala ku Johannesburg ndipo sankadziwa n'komwe kuti nyumba yomwe anakuliramo ili pamalonda. Ground rent, yomwe ndi lendi ya malo yomwe mwini lizi amalipira chaka ndi chaka, inali isanalipidwe kwa zaka zingapo, chimodzimodzinso misonkho ya kukhonsolo ya mzinda.

Nditawauza zimenezi, mayiwo anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga ndalama zathu zija?" Tinaitanitsa wogulitsayo. Anali munthu wa zaka za m'ma 30, waulemu wake, ndipo sindikhulupirira kuti anali ndi mtima wakuba. Iye ankaona kuti poti ndiye anasamala bambo ake pa matenda mpaka kuika maliro, nyumbayo inali m'manja mwake. Ndalama zija anali atadya kale theka, zina atapatsa ejenti, zina atalipirira mng'ono wake fizi. Kuzibweza sakanatha. Apa panali njira ziwiri, kumusumira kuti abweze ndalamazo, kapena kumuthandiza kuti malondawo akhale ovomerezeka. Ndinalangiza njira yachiwiri, chifukwa mlandu wofuna ndalama kwa munthu yemwe alibe katundu m'dzina lake umatha nthawi yaitali ndipo kumapeto kwake umapambana pa pepala pokha. Ndinalembetsa caution m'kaundula m'dzina la ogulawo kuti pasachitike chilichonse pa malowo iwo osadziwa, ndipo ndinauza wogulitsayo kuti apeze loya wakewake, popeza sindikanatha kuimira mbali zonse ziwiri pa nkhani yomwe zofuna zawo zinali zitayamba kusiyana.

Msonkhano wa banja la malemu unachitikira pakhonde la nyumba yomweyo Loweruka lina masana, ndipo ine ndinaitanidwa kuti ndingofotokoza za lamulo. Panali amalume awo a anawo, mayi wa ana awiri aja, ndi foni yomwe inaikidwa pampando wapulasitiki kuti mlongo wa ku Johannesburg amve ndi kulankhula. Mlongoyo atayamba kulankhula mawu ake ankanjenjemera. Anati, "Achimwene, mukanandiuza. Sindikukana kugulitsa, koma mukanandiuza." Amalume aja ndiwo anaziziritsa nkhani, ndipo pomaliza anagwirizana kuti mwana wamkuluyo pamodzi ndi mmodzi wa ana a kwa mayi winayo apemphe limodzi kalata yoyendetsera chuma ku khoti, ndalama za nyumba zidzagawidwe motsatira lamulo, ndipo K3 miliyoni zija zidzachotsedwe pa gawo la amene anazilandira.

Mtengo wa kuchedwa

Kalata ya khoti inatuluka mu Julayi 2022, patadutsa miyezi isanu. Pa miyezi imeneyi zinthu zitatu zinasintha, ndipo zonse zinagwera ogula. Kalata ya banki ya masiku 90 inatha mphamvu. Banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inakweza policy rate, chiwongoladzanja chomwe imaika pobwereketsa ndalama kwa mabanki ena, kuchoka pa 12 kufika pa 14 peresenti, ndipo kalata yatsopano ya banki inabwera ndi chiwongoladzanja cha 18 peresenti. Kenaka kumapeto kwa Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mtengo wa simenti ndi malata unakwera, ndipo ana a malemu, omwe tsopano anali asanu pa mphika umodzi, anati nyumbayo sangaigulitsenso pa K30 miliyoni koma K36 miliyoni. Pepala la mu kope lija silikanawamanga, chifukwa amene anasaina analibe mphamvu pa nthawi yomwe ankasainayo. Titakambirana maulendo atatu ndi loya wawo tinagwirizana pa K32 miliyoni, ndipo ground rent ndi misonkho yotsalira inayenera kuchotsedwa pa ndalama za ogulitsa.

Katswiri woyesa mtengo wa nyumba yemwe banki inatuma anaika nyumbayo pa K30 miliyoni. Kanyumba ka kuseri kaja sanakawerengere mokwanira chifukwa kanamangidwa popanda pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Banki inali yokonzeka kubwereketsa 80 peresenti ya mtengo wa katswiriyo, osati ya mtengo womwe ogula ndi ogulitsa anagwirizana, choncho ngongole inakhalabe K24 miliyoni ndipo banjali linayenera kupeza K8 miliyoni lokha. Pamwamba pake panali stamp duty (msonkho wa boma pa zikalata zosinthira umwini), malipiro a maloya, a katswiri uja, a banki pokonza ngongole, a kulembetsa m'kaundula, komanso inshuwaransi ya moto ndi ya moyo zomwe banki imafuna ngongole isanatuluke. Zonsezi pamodzi zinayandikira K2 miliyoni, ndalama zomwe banjali silinaziike m'ndondomeko yake ngakhale pang'ono. Anali atapereka K3 miliyoni, anatsala ndi K4 miliyoni, kutanthauza kuti zinkapereweranso K3 miliyoni.

Madzulo ena bambowo anandiimbira foni n'kundiuza kuti apeza munthu wowabwereka ndalamazo mwa katapila, zobweza pakatha miyezi iwiri. Ndinawaletsa mwamphamvu. Munthu amene akulowa m'ngongole ya zaka 15 sangayambe ulendowo atasenza kale ngongole ina yomwe imabereka mwezi ndi mwezi, ndipo akangolephera kamodzi, ndalama zomwe zimayenera kupita kubanki zimayamba kupita kwa wakatapila. Anagulitsa galimoto lawo ndipo kwa chaka chathunthu ankapita kuntchito pa minibasi.

Panalinso nkhani ya dzina. Bambowo ankafuna kuti nyumba ilembedwe m'dzina lawo lokha poti ngongole imadulidwa pa akaunti yawo. Ndinawakumbutsa kuti banki inavomera ngongoleyo itawerengera malipiro a anthu awiri, kuti gawo la dipoziti linachokera ku SACCO ya mayi, komanso kuti pansi pa Registered Land Act, anthu awiri akalembetsa malo ngati eni ake limodzi mosagawa, mmodzi akamwalira malowo amatsala m'manja mwa winayo popanda kudutsa njira yomwe tinali titangoiona pakhonde paja. Sindinafunike kunena zambiri. Mayiwo anangoti, "Bambo a ana, mwaona zomwe zawachitikira anzathuwa," ndipo mayina onse awiri analembedwa. Sabata yomweyo aliyense analembanso wilu yake.

Chilolezo cha unduna wa za malo chosinthira lizi, chiphaso cha Malawi Revenue Authority chosonyeza kuti nkhani za msonkho zili bwino, ndi kalata ya khonsolo zinapezeka motsatana. Kusintha dzina ndi kulembetsa chikole cha banki kunachitika tsiku limodzi, banki inalipira kudzera kwa loya wa ogulitsa, ndipo banjali linalowa m'nyumba mu Sepitembala 2022.

Pepala lachiwiri: ndime ya chiwongoladzanja

Ngongole ya K24 miliyoni pa 18 peresenti kwa zaka 15 imafuna pafupifupi K386,500 pamwezi. Mwezi woyamba, K360,000 mwa ndalama zimenezi ndi chiwongoladzanja chokha, ndipo zomwe zimachepetsa ngongole yeniyeni ndi K26,500 basi. Chiwongoladzanja chikanapanda kusintha, pakutha pa zaka 15 banjali likanabweza ndalama zoposa K69 miliyoni. Izi ndinawafotokozera tsiku losaina, ndipo bambowo, pokhala munthu wa masamu, anazimva bwino. Ndalama ya pamwezi inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro awo, ndipo anati akwanitsa.

M'kalata ya ngongole munali ndime ya mizere itatu yonena kuti chiwongoladzanja ndi reference rate (mlingo womwe mabanki amayambirapo poika chiwongoladzanja cha ngongole) kuonjezerapo gawo la banki, ndipo chidzasintha nthawi iliyonse reference rate ikasintha. Ndimeyi ndinaiwerenga mokweza, ndinanena kuti chiwongoladzanja chikhoza kukwera, iwo anagwedeza mutu, tinapitirira. Apa ndi pomwe ndinaperewera. Kunena kuti chinthu chikhoza kukwera n'kosiyana ndi kutenga pepala n'kulemba kuti chikafika pa 22 mudzalipira zakuti, chikafika pa 26 zakuti, chikafika pa 30 zakuti, kenaka n'kufunsa kuti kodi pa malipiro anuwa mudzadya chiyani. Maganizo anga onse anali pa chikalata cha malo chomwe tinalimbana nacho miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinaona ngati ngozi yaikulu yadutsa.

Patangotha mwezi umodzi atalowa m'nyumba, mu Okutobala 2022, policy rate inakwera kufika pa 18 peresenti. Mu Epulo 2023 inafika pa 22, mu Julayi chaka chomwecho pa 24, ndipo mu Febuluwale 2024 pa 26 peresenti. Pakati pa zonsezi, mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Banki yaikulu imakweza chiwongoladzanja pofuna kuchepetsa kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo reference rate yomwe mabanki onse amatsatira imayenda motsatira komweko. Kwa munthu wa ngongole ya nyumba, izi zikutanthauza kuti ndalama yopita kubanki imakwera pa nthawi yomweyo yomwe chimanga, mafuta ophikira, fizi ndi thiransipoti zikukweranso. Banki sinachite chilichonse kunja kwa mgwirizano. Uthenga unkabwera pafoni, ndipo mwezi wotsatira ndalama yodulidwa inkakhala itasintha.

Banjali linabweranso kwa ine mu Sepitembala 2024. Envulopu inali yomwe ija, koma tsopano munali sitetimenti ya ngongole ndi kalata ya banki yowakumbutsa kuti atsalira ndi miyezi iwiri. Chiwongoladzanja chawo chinali chitafika pafupifupi 30 peresenti, ndipo ndalama ya pamwezi inali pafupifupi K595,000, pomwe malipiro awo anali atangokwera kufika pa K1.4 miliyoni. Mayiwo analoza ndi chala mzere womaliza wa sitetimentiyo n'kunena kuti, "Aloya, tandiuzani ngati ndikuwerenga molakwika. Zaka ziwiri takhala tikulipira, ndalama zoposa K10 miliyoni zapita, koma apa akuti tikadali ndi K23.3 miliyoni." Sankawerenga molakwika. Ngongole yeniyeni inali isanatsike ndi K1 miliyoni yomwe, chifukwa zaka zoyamba za ngongole yotere zimathera pa chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanja chikakwera, kagawo kochepetsa ngongole kamafota kwambiri.

Zomwe tinachita

Choyamba chinali kuwaletsa kubisala. Bambowo anali atasiya kuyankha foni za kubanki chifukwa cha manyazi, ndipo ichi ndi chinthu choopsa kwambiri kwa wangongole, popeza lamulo limapatsa banki mphamvu yogulitsa nyumba ya chikole ikapereka chidziwitso choyenera ndipo wangongole osakonza zinthu. Kulephera kulipira kumalembedwanso ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo mbiri imeneyo imam'tsatira munthu ku banki iliyonse. Ndinalemba kalata yopempha kukumana ndi oyang'anira ngongole, tinapita tonse atatu, ndipo tinaonetsa ndondomeko yonse ya ndalama za pakhomo popanda kubisa kanthu. Banki inavomera kuti ndalama zotsalira za miyezi iwiri zibwezedwe pang'onopang'ono kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Anatipatsanso mwayi wotalikitsa ngongole kuti ifike zaka 20. Nditawerengera ndinapeza kuti pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti kutalikitsako kukanatsitsa ndalama ya pamwezi ndi ndalama zosafika K10,000, koma kukanaonjezera zaka zisanu za kulipira. Tinakana. Chomwe chinali ndi phindu lenileni chinali kuchepetsa ngongole yeniyeniyo, chifukwa pa mlingo umenewu K1 miliyoni iliyonse yolipidwa pamwamba inkatsitsa ndalama ya pamwezi ndi pafupifupi K25,500. Mgwirizano wawo unkalola kulipira pamwamba popanda chilango, ndime yomwe ndikulangiza aliyense kuti aifunse asanasaine. Mayiwo anali ndi kapoloti kakang'ono kumbali ya Mitundu komwe anagula asanakwatiwe, ndipo ngakhale zinawapweteka mtima, anakagulitsa. K3 miliyoni zomwe anapeza zinapita zonse ku ngongole, ndi pempho lolembedwa lakuti zichotsedwe pa ngongole yeniyeni ndipo ndalama ya pamwezi iwerengedwenso. Inatsika kufika pafupifupi K518,500.

Kanyumba ka kuseri, komwe katswiri uja sanakawerengere, ndiko kanathandiza pa zotsalazo. Tinapempha chilolezo cha banki kuti kachititsidwe lendi monga mgwirizano umafunira, banjali linayamba ndondomeko yovomerezetsa pulani yake ku khonsolo, ndipo munalowa mphunzitsi wina wachinyamata. Mwana wawo wamkulu anachoka ku sukulu yogonera komweko n'kuyamba yoyendera.

Kuyambira pa nkhani imeneyi, aliyense wobwera kwa ine ndi kalata ya ngongole ya nyumba ndimam'khazika pansi n'kumulembera ndalama ya pamwezi pa milingo itatu ya chiwongoladzanja yoposa yomwe yalembedwa m'kalatamo, ndipo pepalalo amapita nalo kunyumba kuti akakambirane ndi mnzake asanasaine. Mabanja awiri atawona masamuwo anasankha kugula poloti n'kumamanga pang'onopang'ono, monga amachitira anthu ambiri m'dziko muno, ndipo ena anapitiriza ndi ngongole koma atachepetsa ndalama yobwereka.

Pomwe ndinkatseka fayilo ya banjali mu Disembala 2024, miyezi itatu mwa isanu ndi umodzi ya ndalama zotsalira inali italipidwa pa nthawi yake, inshuwaransi zonse ziwiri zinali zolipiridwa, ndipo chikalata cha lizi chokhala ndi mayina awo awiri chinali chikadali m'manja mwa banki, komwe chidzakhale mpaka chaka cha 2037 ngati sadzatha kulipira ngongoleyo msanga.